Makutu Anga Anatsalira ku Golomoti

Ku Lungwena mukafunsa kuti Che Amidu ndi ati, anthu sakulozerani nyumba. Amakuuzani kuti khalani pansi, nthawi ya swala, mapemphero athu a Chisilamu, ikakwana muwamva nokha. Che Amiduyo ndine. Ndakhala muazini wa mzikiti wathu, woitanira anthu ku swala, kuyambira ndevu zili zakuda, ndipo asodzi akakhala pakati pa nyanja amadziwa kuti kwacha chifukwa cha pakhosi panga pano. Anyamata athu a ku Joni atatumiza chimkuzamawu ndinauza anthu a pamzikiti kuti achimangirire bwino padenga, chidzathandiza ine ndikadzapita kumanda. Batire lake likatha amabwerabe kudzagogoda kwa ine.

Nyengo yozizira yapitayi, mwera uli pa ukali wake, anaimba foni Patuma, mwana wanga wotsiriza. Iyeyu ndi mphunzitsi ku Dedza, mwamuna wake ali ku Joni. Anali atabereka mwana wamwamuna miyezi isanakwane, ndipo anali atangotuluka naye m'chipatala. Kwa ife Asilamu, mwana akabadwa munthu wamkulu amamuitanira azana, mawu aja oitanira anthu ku swala, m'khutu lakumanja, kuti dzina la Mulungu likhale loyamba kulowamo. Uyu anali asanaitaniridwe.

"Ababa," anatero Patuma, "a shehe a kuno amafuna kubwera, ndawauza kuti ayambe adikira. Azana ya mwanayu ndikufuna yanu. Koma musachedwe. Ana obadwa chonchi mukuwadziwa, ena amangosuzumira n'kubwerera."

"Mawa ndili pamsewu."

"China, Ababa. Ndi wochepetsetsa. Kuchipatala anati tisamudzidzimutse. Mudzachite pang'onopang'ono."

"Ana onse amene ndinawaitanira azana analira," ndinatero, "ndiwo umboni woti anamva. Koma ngati ukufuna pang'ono, ndidzachepetsa."

Abiti Mussa, mayi a kunyumba kwanga, anali pakhonde akupeta mpunga. Sanadzutse ngakhale mutu. Anangoti, "Inu a kutali ku Malindi uko, mwamva? Akuti adzachepetsa."

Ine ndayenda, musandione chonchi. Makanjira, Chembe, Nkhotakota, mpaka tsidya la Mozambiki, konseko pa bwato. Koma kuphiri ndinali ndisanakwereko. Mapiri ali kuseri kwa mudzi wathuwa ndimawaona tsiku lililonse, ndipo ndinkati ndi a anyani ndi otola nkhuni. Abiti atatulutsa juzi kuti alongedze ndinawaletsa. Ndinati kumene tikupitako ndi pafupi ndi dzuwa, mkanjo wangawu ndi wokwana. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mphuno yanga, chifukwa mwera unali utandisiyira chimfine. Juziyo sindinaionenso, ndiye ndinati mawu a mwamuna amveka.

Tinanyamuka titaswali ya m'mawa, pa njinga zamoto ziwiri, Abiti patsogolo ndi dengu la chambo chowamba, ine pambuyo ndi kathumba ka mpunga. Titangodutsa Malindi mphepo inandilanda kofiya. Ndinangoti "Ima", kumuuza wonditengayo, koma zinaima njinga zitatu ndi ngolo ya ng'ombe yomwe. Kofiya anatola ndi mwini ngolo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Tinawoloka mlatho wa Shire dzuwa likadali lofewa, n'kufika pa depoti ya Mangochi. Oitanira anatilanda katundu ngati akhwangwala. Minibasi ya ku Lilongwe yodzera ku Golomoti, anati, ikunyamuka pompano, yangotsala mipando iwiri yathuyi. Tinakhala. Injini ikulira, dalaivala akuliza hutala, galimoto ikusuntha pang'ono n'kubwerera. Patapita nthawi anthu anayi amene tinawapeza m'katimo anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala pansi pa mtengo. Anali ongodzazitsa maso. Kondakitala anabwera kuti dengu la nsomba lilipire ngati munthu.

"Chabwino," anatero Abiti, "ngati ndi munthu mupatseni mpando wa pawindo, ndipo akafuna kutaya madzi panjira mumuimire."

Kondakitala anaseka, dengu linalowa pansi pa mpando.

Dzuwa litakwera analowa mayi wina wachitsikana, msinkhu wa Patuma, atanyamula kabokosi kachitsulo. Kondakitala anafuna kukaponya kumbuyo, iye anakana, n'kukaika pamiyendo. Anakhala pafupi ndi ine, anapereka moni waulemu. Anati dzina lake ndi Nachisale, amagwira ntchito ya zanyengo, ndipo amachokera koona zipangizo zawo m'mbali mwa nyanja.

"M'kabokosimo muli ndalama?" ndinafunsa.

"Ayi, Ambuje. Muli choyezera kulemera kwa mpweya."

"Mpweya uli ndi sikelo? Mumagulitsa pa kilo?"

Anaseka, n'kutulutsa foni kundionetsa nambala ina imene inali pagalasi. Anati nambalayo ikunena msinkhu wa malo amene tili, ndipo pa Mangochi pano tili pamwamba ndi mamita pafupifupi mazana asanu. Ndinamufunsa kuti mita ndi chiyani pa mikwamba, chifukwa ife kuya kwa madzi timayeza ndi chingwe ndi mwala, kutambasula mikono. Anati mkwamba wanga umodzi ndi pafupifupi mamita awiri. Apa ndinakana.

"Mwana wanga, foni yakoyi yakunamiza. Pano ndi pansi. Madzi onse a m'mapiri amathamangira kuno. Pansi pa pano palibenso pansi pena."

"Ambuje, Shire mwawoloka m'mawa uja akupita kuti?"

"Ku Liwonde."

"Akukwera kapena akutsika?"

"Madzi sakwera."

"Ndiye kuti Liwonde ali kumunsi kwa kuno. Chikwawa kumunsi kwake, Nsanje kumunsi kwakenso. Shire akathira m'Zambezi, Zambezi akathira m'nyanja yamchere. Pamwamba pa madzi amchere aja ndi pamene dziko lonse linagwirizana kuyambira kuwerenga. Nyanja yanuyi ili pamwamba, ngati usipa pathandala."

Zaka zonsezi ndakhala ndikuona Shire akutuluka, koma sindinaganizepo kuti akutsika kuchoka pa ife. Kenako ndinatembenukira kwa Abiti.

"Mwamva? Ifenso ndi anthu a pamwamba. A ku Nsanje akamatiyang'ana amagwira chipewa."

"Ndamva," anatero Abiti. "Amvanso ogulitsa mandasi panjapo."

Minibasi inadzaza, kenako inadzazanso, ndiye tinanyamuka. Nkopola, Makawa, malambe ali ndii m'mbali mwa msewu. Tisanafike ku Monkey Bay tinakhotera kumanzere. Pa rodibuloko wapolisi ananunkhiza chambo, n'kufunsa kuti ndi cha malonda kapena ayi. Abiti anati ndi cha mayi woyamwitsa, ndipo wapolisiyo anabweza dengu msanga ngati lamuwotcha. Msewu wonsewo ndi wa see, ndipo nambala ya pafoni ija inkangogwedezeka pang'ono ngati bwato lomangidwa padoko. Ndinamufunsa Nachisale kuti chingwe chake amamangirira pati, popeza nyanja yamchereyo ili kutali.

Anandifotokozera mofatsa. Anati akale ankayenda pansi ndi ndodo ya manambala ndi chowonera patali cha miyendo itatu. Wina aima apa, wina apo, ayang'ana, alemba, asuntha, choncho mpaka pamwamba pa mapiri, n'kumasiyako zipilala za simenti. Ndinati anthu amenewo analibe minda. Anati foniyi imamvera masetilaiti. Amenewo ndimawadziwa, timawaona tili panyanja, akuyenda ngati nyenyezi yosochera. Njira yachitatu ndi ya kabokosi kake kaja.

"Ambuje, munabirapo pansi pa madzi?"

Funso limenelo anafunsa ine, mwini wake wa nkhani zimenezo. Ndinamuuza mmene ndinkabirira kukawonjola khoka likakodwa m'miyala, anzanga akudikira m'bwato mpaka kuyamba kuganiza za sanda yokulungira maliro anga.

"Makutu ankatani?"

"Ankapweteka. Madzi amafinya."

"Mpweya ndi chimodzimodzi. Tonsefe tikukhala pansi pa nyanja ya mpweya. Kuno kumunsi mpweya wapamwamba pathu ndi wambiri, ukutipsinja, kungoti tinazolowera. Tikamakwera umachepa, umapepuka. Kabokosika kakamva mmene wapepukira, timadziwa kuti takwera bwanji."

Mawu amenewo anandisangalatsa mpaka pa Chantulo. Titadutsa pamenepo ndinakumbukira ndunduma. Nsomba ya pansi penipeni ukaikoka kubwera nayo pamwamba, imatuluka mimba itatupa, maso ali tuzu, nthawi zina zam'kati zili m'kamwa. Ndaziona zambirimbiri m'bwato mwanga. Tsono ngati mpweya ndi nyanja, ine amene ndakhala pansi pake moyo wanga wonse ndine ndani? Ndipo dalaivala uyu, amene akundikoka msangamsanga kupita nane pamwamba, si msodzi? Mwamuna salankhula za mantha pamaso pa ana.

Pa Golomoti tinaima nthawi yaitali. Anatsika anthu awiri, anakwera asanu ndi matumba a makala. Dalaivala anapita kukadya chipisi. Nachisale anamaliza madzi ake akumwa, anafinya botolo mpaka linalowa m'kati mbali imodzi, anatseka mwamphamvu n'kundipatsa.

"Sungani, Ambuje. Musatsegule. Muziliyang'ana tikamakwera."

Kutsogolo kwathu phiri linali litaima ngati khoma. Amati Khwekhwelere. Msewu wake sulunjika, umapita uku n'kubwerera uku ngati munthu wokana ngongole. Injini inasintha kulira. Nambala ya pafoni inadzuka kutulo, inayamba kuthamanga. Pawindo panalowa kamphepo kena kachilendo, kopanda fungo la madzi. Nditayang'ana kumbuyo ndinaona chigwa chonse chili pansi, nyumba ngati mabokosi a machesi. Nditayang'ana m'manja mwanga, botolo lija linali likuwongoka lokha. Pofinyika paja panatuluka pang'onopang'ono mpaka linakhuta ngati mimba ya ndunduma.

Ndinagwira mimba yanga. Ndinawapempha Abiti kuti ayang'ane maso anga ngati ali m'malo mwake.

"Ali momwemo," anatero. "Aakulu ngati kale."

Nachisale anazindikira chimene chikundivuta. Anati munthu si botolo, ali ndi pakamwa ndi mphuno, mpweya umalowa n'kutuluka, sangatupe. Anati malo amodzi okha ndi amene amavuta, m'kati mwa khutu, chifukwa kanjira kake ndi kakang'ono, ndipo chimfine chimakatseka. Mawu ake omalizawo ndinawamva ngati akulankhulira m'mtsuko. Ndinaona kuti injini yachepetsa phokoso. Anthu onse m'minibasi anayamba kunong'ona. Ndinaganiza kuti mwina pali malo oopsa amene sadutsa akulankhula, ndiye nanenso ndinatsitsa mawu, n'kuwanong'oneza Abiti.

"Anthuwa akunong'onezana chiyani?"

Minibasi yonse inatembenuka. Dalaivala anayang'ana pagalasi. Mwana amene anali mtulo kumsana kwa mayi wa mpando wakutsogolo anadzidzimuka, anatambasula timanja n'kuyamba kulira, kulira kwake kochita kutha mpweya. Mayi wake anandiyang'ana ndi diso loipa.

"Ndatani?" ndinafunsa.

Abiti anabweretsa pakamwa pawo pakhutu langa. "Mukukuwa."

"Ndikunong'ona."

"Che Amidu, mukukuwa."

Tisanamalize mkanganowo galimoto inatsokomola, inanjenjemera, n'kuima pakati pa chitunda. Kondakitala analumpha kukaika mwala kutayala. Pansi pa mpando wa dalaivala panatuluka nthunzi. Madzi a injini anali atawira. Dalaivala anati galimoto nayonso imapuma mpweya, kuno imafooka, ndipo ndi makala amenewa singadzuke pachitunda anthu ali m'kati. Tonse titsike, tiyende mpaka pokhota pamwambapo, iye atipeza ikazizira.

Tinayenda. Ine pamchenga wa kwathu ndimasiya anyamata m'mbuyo, koma apa miyendo inali ya munthu wina. Chifuwa chinkakoka mpweya, mpweya wake wosakhutitsa, ngati phala la madzi okhaokha. Amayi a m'deralo anatidutsa atasenza mitolo ya nkhuni, akucheza. Nachisale anati mpweya wachepadi, koma pang'ono chabe, zambiri ndi chitundachi ndi chimfine.

"Ndi zaka," anatero Abiti mokweza kuti ndimve.

"Zaka zatsala kumunsi," ndinayankha. "Ndi phirili."

Titafika pokhota paja dzuwa linali litapendeka, nthawi ya swala ya masana. M'gulu lathu munali Asilamu angapo. Ndinati apa ndi pabwino kuti ndiyese pakhosi, ndidziwe chimene ndikupita nacho kwa mdzukulu wanga. Ndinaima pamwala, ndinaika zala m'makutu monga mwa nthawi zonse, ndinayamba. Kwathu mzere woyamba ndimaukoka mpaka mbalame zitasamuka mumtengo. Apa unaduka pakati, mpweya unatha. Ndinakokanso, ndinapitiriza, koma chimene ndinkamva chinali kamawu kakutali, ngati munthu akuitana ali pansi pa madzi. Ndinamaliza chifukwa azana siisiyidwa panjira. Titaswali ndinakhala pamwala pomwepo.

"Abiti, mawu anga afa."

"Afa bwanji? Mbuzi zonse zathawa kutsetsereko. Kumudzi uko anthu atuluka m'nyumba."

"Mukundisangalatsa."

"Ine? Ndinayamba liti?"

Ndinaitana Nachisale, munthu wa sukulu, woti sangandinamize. Anagwada pafupi, n'kulankhula molunjika khutu. Anati mawu alipo onse, mwina ochuluka kuposa kale, chifukwa munthu akapanda kudzimva amawonjezera. Anati atseka ndi makutu, osati pakhosi.

Poyamba ndinakondwa. Kenako chimwemwecho chinazizira. Mawu akanafa ndikanadziwa chochita, ndikanamunong'oneza mwanayo ndi zotsalazo. Koma mawu alipo, aakulu, ndipo mwini wake sakudziwa pamene afika. Zili ngati kuponya chingwe m'madzi dzanja litachita dzanzi. Mwana wa m'minibasi uja anali wonenepa, wa miyezi yake, ndipo ndinamuliza ndili mpando wina. Nanga wa Patuma, pakamwa panga pali pakhutu pake?

Anthu anandithandiza, ndisaname. Nachisale anati ndimeze malovu. Ndinameza mpaka anatha. Anati ndiyasamule. Ndinayasamula, ndipo gulu lonse linayamba kuyasamula nane pamsewu, mpaka kondakitala. Bambo wina anandipatsa nzimbe kuti nditafune, koma mano anga otsalawa sagwirizana malo, lina kumtunda uku, lina kumunsi uko. Ndinatsina mphuno n'kuuzira monga tinkachitira pobira. Khutu lakumanzere linalira ngati chitseko chakale, koma silinatseguke. Nachisale anati ndisakakamize, atseguka okha, mwina mawa, mwina mkuja, mwina pokhapokha nditatsikanso. Ananena zoona, anakatsegukira pa Golomoti pobwerera. Koma izo ndi za pobwerera.

Minibasi inatipeza ikufwenthera. Tinakwera. Kuyambira pamenepo ine Che Amidu ndinatseka pakamwa, ndipo Abiti akuti anthu ena ankacheuka kuona ngati ndikadali moyo.

Pa Masasa, pamene msewu wathu ukumana ndi msewu waukulu wa ku Lilongwe, kunali mbatata ya kachewere milumilu, kabichi ngati mitu ya anthu, ndi anthu ovala zipewa zaubweya masana. Chitseko chitatseguka mphepo inalowa mumkanjo ngati mpeni. Mano anga ochepawo anapezana tsiku limenelo. Abiti anapisa pansi pa dengu, pansi pa nsomba penipeni, n'kutulutsa juzi ija. Anandipatsa. Inkanunkha chambo, ndipo ndinaivala ngati mwana.

Ndinamukodola Nachisale, n'kuloza dzuwa, n'kuloza juzi. Anamvetsa funso langa, n'kuyankhira pakhutu langa. Anati dzuwa silitenthetsa mpweya mwachindunji, limatenthetsa nthaka, nthaka ndiyo imafunditsa mpweya. Kumunsi bulangete la mpweya ndi lochindikala, kuno ndi lopyapyala ngati chitenje chakale. Ndipo kukwera phiri limodzi sikuyandikira dzuwa, monganso kukwera pachulu sikuyandikira mwezi. Anatenga botolo lija n'kulitsegula pafupi ndi nkhope yanga. Abiti anati lachita tsii. Ine ndinangoona chitsekerero chikutembenuka.

Pa Dedza tinatsika. Nachisale amapitirira, ndiye anandionetsa nambala komaliza. Inali itadutsa chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Ndinayesa kuiwerengera pa mikwamba, ndinaona kuti chingwe chotero palibe bwato lingachinyamule. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena pakhutu langa kuti akafika kwawo adzafuna kumva kuti zinatha bwanji, koma tinaiwala kupatsana manambala. Ngati mukumudziwa mumuuze.

Nyumba ya Patuma ili kuseri kwa sukulu, pansi pa mitengo ya paini. Tinafika dzuwa lisanalowe, nkhungu itayamba kale kutsika m'phiri. M'nyumba munali mbaula pakona. Patuma anali pampando, atawonda, maso atalowa. Mwana sindinamuone poyamba. Anali pachifuwa pa mayi wake, m'kati mwa malaya, atamangidwa ndi chitenje. Patuma atatsegula pang'ono ndinaona kachipewa, pansi pake kamutu ngati lalanje. Khutu lake linali ngati chikhadabo cha chala changa chachikulu, lopyapyala moti kuwala kumadutsa.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma. Ndinawakodola Abiti kuti afotokoze, chifukwa ine ndimaopa kutsegula pakamwa m'nyumba imeneyo. Abiti anafotokoza zonse, za phiri, za chimfine, za mwana wa m'minibasi. Kenako ndinatuluka panja, kutali ndi khomo, n'kunena mawu amene sindinaganizepo kuti angatuluke mwa ine.

"Kaitaneni a shehe a kuno."

Patuma anafika pakhomo atagwira mwana wake pachifuwa. Sindinamve zonse, koma Abiti anandibwerezera. Akuti usiku uliwonse amadzuka kuika chala pamphuno pa mwanayo kuti aone ngati akupuma. Akuti sakufuna kuti kudenso asanamve azana. Akuti a shehe ndi munthu wabwino, koma iye anakulira m'mawu anga, ndipo ali kuno kuphiri, nthawi ya swala ikakwana, amawamvabe m'mutu mwake.

"Ndiye mawa," ndinatero. "Mwina atseguka."

Patuma anapukusa mutu.

Abiti anandikoka juzi mpaka khutu langa linafika pakamwa pawo. "Tamverani. Makutu anu atsala ku Golomoti, koma anga ndabwera nawo. Zaka zonsezi ndakhala ndikukumverani osafuna, lero ndikumverani dala. Ndigwira mkono wanu. Mukakweza ndikutsinani, inu muzitsitsa. Mwamva?"

"Mukatsina nditsitse."

"Ndipo nditsina zenizeni, musaganize kuti ndikunyengererani."

Patuma anatenthetsa madzi, ndinatawaza monga timasambira tisanaswali, ndinapukuta manja pambaula kuti asakhale ozizira. Mwana sanamuchotse pachifuwa. Ine ndinagwada pambali pa mpando, maondo akudandaula, Abiti anagwada pafupi nane n'kugwira mkono wanga pamwamba pa chigongono. Patuma anakweza kachipewa mbali yakumanja. Ndinayandikira mpaka ndevu zinatsala pang'ono kumukhudza. Kafungo kake kanadutsa ngakhale m'chimfine.

Ndinayamba ndi kamawu kamene ndinkaganiza kuti ndi kochepetsetsa padziko. Ndisanamalize mzere woyamba zala za Abiti zinalimba pamkono. Ndinatsitsa. Mzere wachiwiri zinalimbanso. Ndinatsitsanso. Mumtima ndinkati kodi ndikumupweteka mwanayu? Zalazo sizinamasuke, ndiye ndinapitiriza kutsika, mpaka ine mwini sindinkamva kalikonse, ndinkangodziwa kuti milomo ikuyenda ndipo mpweya ukutuluka wofunda. Mpweya wa ku Dedza ndi wosakhutitsa, ndinkapuma pafupipafupi, mzere uliwonse pawokha. Sindinaitanepo azana yaitali chonchija, ndiponso yotsika mawu chonchija.

Nditamaliza ndinadikira kulira. Sikunabwere. Mwanayo anangotambasula kadzanja, kanakakodwa m'ndevu zanga, n'kutsegula diso limodzi. Anandiyang'ana ngati munthu wofunsa kuti mwatha kodi, n'kutsekanso. Ndinayang'ana kwa Patuma ndi nkhawa, chifukwa kwa ine mwana wosalira ndi mwana wosamva. Milomo yake ndinaiwerenga bwinobwino.

"Wamva, Ababa."

Ndinakhala pansi, msana kukhoma. Abiti anali asanasiyebe mkono wanga. Ndinawaweramira, n'kufunsa ndi kampweya komweko.

"Mwanditsina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinali kukuwa?"

Kenako anabweretsa pakamwa pawo pakhutu langa.

"Sindinakutsineni ngakhale kamodzi. Ndimangogwira."

Nditawayang'ana anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anaona kuti ndaona, ndiye analoza pakona n'kunena kuti ndi utsi wa mbaula. Makala aja anali ofiira kale, opanda utsi ngakhale pang'ono. Ndinangowasiyira mkonowo.